Draft ya Magic: ndikutola makhadi amphamvu koma ndikuthera pa 1-2, ndikuphonya pati?

Kampango_Salima

Moni nonse akuluakulu. Tili ndi kagulu kathu kuno ku Salima, timakumana Loweruka masana cha ku Kamuzu Road kusewera masewera a makhadi otchedwa Magic: The Gathering. Mapaketi atsopano ndi ovuta kuwapeza, ndiye timagwiritsa ntchito makhadi omwe tinasonkhanitsa, pafupifupi 400, n'kumawamanga tokha m'mapaketi a makhadi 15. Timachita draft: aliyense amatola khadi limodzi mu paketi n'kuipatsira mnzake, kenako n'kumanga deki ndi omwe watola. Tikakwana timakhala anthu 8, maraundi atatu.

Deki yanga ya draft yapitayi inali chonchi: makhadi 43, ma land 15, omwe ndi makhadi opereka mana olipirira makhadi ena (Mountain 6 a mana ofiira, Forest 5 a obiriwira, Swamp 4 a akuda). Munali Shivan Dragon, Colossal Dreadmaw awiri, Craw Wurm, Murder, Lightning Bolt, Giant Growth atatu. Ma creature, makhadi omenya ndi kutchinga, onse pamodzi anali 12, ndipo a mana 2 anali awiri okha. Poiyang'ana inkaoneka yoopsa kuposa ya aliyense pa tebulo, koma ndinapambana raundi imodzi basi, ndipo ndi mmene zimathera kawirikawiri.

Vuto lili pa kasankhidwe, pa kamangidwe ka deki, kapena pa kaseweredwe? Nanga munthu ayenera kutsimikiza liti za mitundu yake? Chonde ndipatseni manambala, osangoti "muzisewera pafupipafupi".

Mwera

A Kampango, mwachita bwino kulemba deki yonse, chifukwa matenda ake akuonekera pomwepo. Si tsoka ayi. Deki imeneyi siingathe kutsitsa makhadi ake pa nthawi yake.

Lamulo limati deki ya draft isachepere makhadi 40, ndipo mangani 40 yomweyo. Khadi la 41, la 42 ndi la 43 ndi ofooka kuposa onse omwe mwaika kale, kupanda apo bwenzi mutayamba ndi iwowo, ndiye ntchito yawo n'kungochedwetsa makhadi anu abwino. Mwa 40 amenewo, 17 akhale ma land, 23 akhale osewera nawo. Mutha kutsikira pa 16 ngati deki ndi yothamanga ndipo mulibe khadi loposa mana 5. Koma inu muli ndi makhadi anayi a mana 6 pa ma land 15 mu deki ya 43. Pamenepo ma land ndi 35 peresenti ya deki, pomwe 17 mu 40 ndi 42 ndi theka.

Kenako onani pakona ya khadi lililonse. Shivan Dragon amafuna mana ofiira awiri. Dreadmaw ndi Craw Wurm amafuna obiriwira awiri. Murder amafuna akuda awiri, inu muli ndi Swamp 4 zokha. Murder wotereyu amakhala m'manja gemu yonse akungokuyang'anani. Mitundu ikhale iwiri, ma land 9 ndi 8, kapena 10 ndi 7 ngati mtundu umodzi wachuluka kwambiri.

Pa makhadi 23 aja, ma creature akhale 15 mpaka 17, otsalawo removal (makhadi ophera kapena kuletsa ma creature a mnzanu) ndi ena ochepa. Musanatseke deki muwayale pa tebulo motsata mtengo wa mana. Pa mana 2 pakhale 5 kapena 6, pa mana 3 pakhale 4 kapena 5, pa mana 4 atatu kapena anayi, pa mana 5 awiri kapena atatu, ndipo a mana 6 kupita m'mwamba asapose awiri. Ndikudziwa kuti Grizzly Bears, 2/2 (womenya 2, wofa akamenyedwa 2) wa mana 2, sasangalatsa munthu. Koma mnzanu akamutsitsa pa turn 2 inu mulibe chotchingira, wakuchotsani moyo 6 Dreadmaw wanu asanafike n'komwe, ndipo pofika pamenepo anzake atatu ali kale pa tebulo. Giant Growth, khadi lokulitsa creature kwa turn imodzi, atatu mu deki ya ma creature 12 achulukanso. Mmodzi akwana. Popanda creature pa tebulo khadi limenelo ndi pepala chabe.

Tsopano funso lanu lenileni, la kusankha. Mumatola makhadi 45 koma olowa mu deki ndi 22 kapena 23. Theka limatsala pambali, ndiye palibe chifukwa chokakamira khadi loyamba ngati mtundu wake sukubwera. Anthu ambiri amagwa pamenepa: atola chinjoka chofiira poyamba, n'kumatola zofiira zilizonse, ngakhale zoola, kuti chinjokacho chisapite pachabe. Pamapeto makhadi abwino sakukwana, n'kuwonjezera mtundu wachitatu. Ndikuganiza kuti ndi mmene yanu inafikira pa mitundu itatu.

Pa makhadi asanu oyamba tolani lamphamvu kwambiri osayang'ana mtundu. Mphamvu yake muyese motere. Pamwamba pali khadi lotha kupambana gemu palokha likapanda kuphedwa. Lotsatira ndi removal yotsika mtengo, monga Lightning Bolt, Doom Blade kapena Pacifism. Kenako ma creature ouluka kapena ovuta kuwatchinga, ndi omwe amabweretsa khadi lina polowa, monga Mulldrifter ndi Gravedigger. Kenako ma creature abwino a mana 2 ndi 3. Zilombo zikuluzikulu zopanda luso lina, za mtundu wa Craw Wurm, zimabwera mochedwa mu paketi iliyonse, musatayirepo chisankho choyambirira. Mukakayika pakati pa makhadi awiri, dzifunseni kuti ndi liti lingakuthandizeni mutapanikizika. Khadi lomwe limagwira ntchito pokhapokha muli kale patsogolo ndi lochepa mphamvu kuposa mmene limaonekera.

Paketi yoyamba imapita kumanzere, yachiwiri kumanja, yachitatu kumanzere. Kutanthauza kuti amene akhala kudzanja lanu lamanja ndi amene amakupatsirani mapaketi awiri mwa atatu. Mitundu yomwe iwo sakutenga ndi imene muyenera kulowamo. Mumaidziwa pa chisankho cha 4 mpaka cha 8. Mukalandira Doom Blade pa chisankho cha 6, anthu asanu amuona n'kumusiya. Kamodzi kokha si umboni, mwina mu paketimo munali zabwino zambiri. Koma zikachitika kawiri katatu ndi mtundu womwewo, wakuda ndi wotseguka, lowani. Chisankho cha 2 ndi cha 3 sichikuuzani zambiri, chifukwa khadi limodzi kapena awiri okha ndi omwe achoka.

Pali chizindikiro china chomwe ambiri sachigwiritsa ntchito. Pa tebulo la anthu 8, paketi yomwe munatsegula imakubwererani pa chisankho cha 9 ili ndi makhadi 7. Poitsegula, sungani m'mutu makhadi atatu kapena anayi abwino omwe mwasiya ndi mitundu yake. Ikabwera onani omwe apita. Khadi labwino lobiriwira likazungulira tebulo lonse n'kubwerera, obiriwira akutengedwa ndi anthu ochepa kwambiri.

Nthawi yotsimikiza: potha paketi yoyamba mukhale mukudziwa mtundu wanu waukulu. Wachiwiri utha kudikira mpaka pakati pa paketi yachiwiri. Chenjerani kuti paketi yachiwiri imachokera kwa anthu omwe inu munawapatsira, ndiye mtundu womwe munadutsitsa wambiri ukhoza kuuma pamenepo, n'kudzayambanso kubwera pa yachitatu. Musathawe mtundu chifukwa cha paketi yachiwiri yokha. Musanatsegule yachitatu werengani: muli ndi a mana 2 angati, removal ingati, ma creature angati. Paketi yachitatu ndi yotseka mipata. Ngati a mana 2 ali awiri okha, 2/2 wamba aposa chilombo chachitatu cha mana 6.

Za kutola khadi n'cholinga chongomana mnzanu, zisiyeni. Mwa anthu 7 mukumana ndi atatu okha, ndipo ngakhale mutakumana ndi mwini khadilo, pa gemu imodzi saona ngakhale theka la deki yake. Khadi lolowa mu deki yanu mumakhala nalo maraundi onse atatu. Manani pokhapokha mu paketimo mulibe chomwe mungaseweretse.

Ntchila_KK

Zomwe anena a Mwera ndi zoona, ine ndingowonjezera masamu ake, poti mwapempha manambala.

Deki ya 40 yokhala ndi ma land 17, makhadi 7 oyamba amagwa chonchi: opanda land kapena land imodzi, 10.5 peresenti, ma land awiri, 24.5, atatu, 32.3, anayi, 22.6, asanu, 8.4, 6 kapena 7, pafupifupi 1.6. Ndiye ngakhale deki yomangidwa bwino, dzanja limodzi mwa 8 alionse ndi lofunika kubweza. Si chifukwa chosinthira chiwerengero cha ma land sabata iliyonse. Munthu akasowa ma land gemu imodzi amaika 18, akachulukiridwa sabata yotsatira amatsikira pa 15, osadziwa kuti akungothamangitsa mphepo.

Mulligan ya masiku ano, yomwe inayamba mu 2019, imayenda motere: mubweza dzanja, musakaniza, mutolanso 7, kenako muika khadi limodzi pansi pa deki pa mulligan iliyonse yomwe mwatenga. Poti mumasankha nokha loika pansi, dzanja la 6 si loipa ngati kale. Lopanda land, la land imodzi, la 6 kapena 7, bwezani osaganiza kawiri. La ma land asanu sungani ngati makhadi awiri otsalawo ndi ogwira ntchito.

Povuta ndi pa ma land awiri. Mukasunga, mu deki mwatsala makhadi 33, ma land 15. Ngati mukuyamba ndinu, simutola khadi pa turn yoyamba, ndiye pofika turn 3 mwaona makhadi awiri okha, ndipo mwayi wopeza land yachitatu ndi 71 peresenti. Ngati akuyamba ndi mnzanu mwaona atatu, mwayi ndi 85. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Ma land awiri mnzanu akuyamba, sungani ngati muli ndi zotsitsa za mana 2 kapena 3. Ma land awiri mukuyamba ndinu, m'manja muli makhadi a mana 4 ndi 5 okhaokha, bwezani, ngakhale mtima ukane.

Pamodzi pokha ndisiyana pang'ono ndi a Mwera. Mtundu wachitatu si woletsedwa, koma uli ndi malamulo ake. Khadi lake likhale limodzi kapena awiri, lofuna mana amodzi okha a mtunduwo, ndipo likhale lomwe limagwirabe ntchito likabwera mochedwa. Doom Blade amayenera: mana amodzi akuda, ndipo kupha chilombo pa turn 9 n'kwabwinobe. Murder sayenera. Creature wa mana 2 sayeneranso, chifukwa phindu lake lili pa turn 2. Magwero a mtunduwo akhale atatu. Pofika turn 7 mukuyamba ndinu mwaona makhadi 13. Ndi magwero atatu, mwayi woti limodzi lapezeka ndi 70 peresenti, ndi awiri ndi 55 yokha. Njira yabwino ndi Evolving Wilds awiri (land yokutengerani land wamba iliyonse mu deki) ndi Swamp imodzi, chifukwa Evolving Wilds amawerengedwa ku mitundu yonse itatu ndipo salanda malo a mitundu yanu ikuluikulu. Ngati mulibe ma land oterowo, kugawa ma land 7-7-3 kumapweteka mitundu yonse, ndipo nthawi zambiri ndi bwino kungoika khadi la 23 wamba.

Kasakanizidwe nakonso: kugawa makhadi m'timilu pa tebulo ndi kuwerenga, si kusakaniza. Ndipo kuyala ma land motalikirana bwino musanasakanize, ngati kukuthandizani ndiye kuti simunasakanize mokwanira, komwe ndi kubera. Gawani deki pawiri, lowetsani theka m'theka linzake m'mbali, kasanu ndi kawiri kapena kuposa, nkhope za makhadi zisakuyang'aneni, kenako mupatse mnzanu adule.

Mpasa_Bua

Achimwene, deki mukaikonza mudzaona kuti magemu otsala otayika amatayikira pa kumenyana. Ndinenepo za pa tebulo.

Turn iliyonse, musanagwire khadi, dziwani kuti pa awirinu wothamangitsa ndani ndipo wodziteteza ndani. Funso lake ndi ili: gemu ikatalika, apambane ndani? Ngati mnzanu ali ndi ouluka ambiri, makhadi otolera makhadi ena, kapena chilombo chomwe mulibe chochiphera, nthawi ili kumbali yake, inu menyani ngakhale mutaye ma creature. Ngati zamphamvu za kumapeto zili kwa inu, sinthanitsani ma creature mmodzi kwa mmodzi, sungani moyo, musathamange. Olakwa ambiri amachita zosiyana: ali ndi deki ya zilombo za mana 6 koma akukana kutchinga 2/2 ndi 2/2 wawo, kapena ali ndi deki yothamanga koma aima pa turn 5 kuopa kutaya kamodzi.

Mukayamba kuthamangitsana, werengani ngati pa bawo, pomwe munthu amayamba wadziwa dzenje lomwe njere yomaliza ikagwere asanatape. Mnzanu ali ndi moyo 9, inu muli ndi ouluka omenya 3 pa turn, ndiye mukufuna ma turn atatu. Inu muli ndi 12, iye amamenya 4, akufunanso atatu. Ngati turn ili yanu, mupambana ndinu ndi turn imodzi, pokhapokha atawonjezera creature kapena kupha wouluka wanu. Ndiye funso lotsatira: akawonjezera 3/3, masamu asintha bwanji, ndipo ndili ndi wotchingira woti ndigule turn imodzi? Creature wongoperekedwa nsembe potchinga mumusunge mpaka turn yomwe kumenyako kukanakuphani, kapena pomwe akutchingirani nkhonya yaikulu kwambiri. Kumutaya muli ndi moyo 15 ndi kutaya khadi. Moyo ndi chuma chogwiritsa ntchito, wopambana ndi moyo 1 wapambana mofanana ndi wa 20.

Removal musaiwononge. Deki yabwino imakhala nayo 4 mpaka 6, ya mnzanu ili ndi ma creature 16. Simungaphe onse. Iphani omwe ma creature anu sangathane nawo: wouluka ngati Serra Angel, kapena yemwe luso lake limabwereza turn iliyonse. 3/3 wamba wa pansi mutchingeni. Chosiyana ndi pomwe mukuthamangitsa ndipo kuchotsa wotchinga mmodzi kukupatsani moyo wambiri kapena kumaliza gemu. Mufananizenso kukula: yemwe Shock, khadi lomenya 2 yokha, angamuphe musamutayire Murder.

Ma creature ambiri atsitseni mutamenya kale. Mukamenya mana anu ali chiimire, mnzanu sadziwa ngati muli ndi trick, khadi lotsitsa mwadzidzidzi mkati mwa kumenyana, ndipo amatchinga asanaone chomwe mutsitse. Tsitsani musanamenye pokhapokha khadilo likusintha kumenyako, monga la haste (lotha kumenya pomwe langotsitsidwa) kapena lowonjezera mphamvu kwa anzake. Land yokha itsitseni poyamba ngati mungafune mana ake pomenyana.

Muzionanso ma land a mnzanu omwe sanapendeketse. Akamenya ndi 2/2 pomwe inu muli ndi 3/3, ndipo Forest imodzi ili chiimire, mwina ali ndi Giant Growth. Yankho si kuopa nthawi zonse. Ngati 3/3 wanuyo ndi wamba, tchingani, trick ituluke pa khadi lotsika mtengo m'malo modzaphera chinjoka chanu. Ndipo mukakhala ndi Lightning Bolt, dikirani atsitse Giant Growth, inu muyankhe pomwepo. Chomwe chalowa pomaliza pa stack, mulu wa makhadi odikira kugwira ntchito, ndi chomwe chimayamba kugwira ntchito, ndiye Bolt ipha 2/2 uja asanakule, iye wataya makhadi awiri inu limodzi. N'chifukwa chake ma trick ndi ma aura (makhadi omamatira pa creature) okulitsa creature amatengedwa mochedwa mu draft.

Kutchinga ndi awiri kuli ndi lamulo lomwe linasintha mu November 2024, pomwe set (gulu la makhadi atsopano) ya Foundations inatuluka, ndipo magulu ambiri akusewerabe mwakale. Kale womenya ankanena ndondomeko ya omwe awapweteke atangotchingidwa. Pano sanena kanthu mpaka nthawi ya damage, ndipo amaigawa mmene akufunira. Chitsanzo: akumenya ndi 4/4, inu mwatchinga ndi 2/3 ndi 3/2. Awiriwo amupha, iye apha mmodzi yekha, chifukwa kupha onse kukufuna 5. Mukakulitsa mmodzi ndi Giant Growth, iye angotembenukira kwa winayo, simungapulumutse onse ndi khadi limodzi ngati kale. Choopsa chachikulu n'chakuti mutatchinga, iye aphe 3/2 ndi Bolt. Wotsalayo amenya 2 yokha, 4/4 apulumuka n'kumupha. Mwataya awiri. Ndiye tchingani ndi awiri pomwe mana ake onse apendeka, kapena pomwe mulibe njira ina yochotsera chilombocho.

Mukapanikizika musasewere zongochedwetsa imfa. Werengani makhadi omwe angakupulumutseni. Mu deki mwatsala 25, opulumutsa ndi atatu: 12 peresenti pa khadi limodzi, 23 pa awiri. Ndi zochepa, koma sewerani moti limodzi mwa atatuwo likabwera mupambanedi. Njira yokusungani ma turn ena awiri koma yopanda potulukira ili pa ziro.

Pakati pa magemu gwiritsani ntchito makhadi a pambali. Mu draft onse omwe munatola ndi ololedwa, ndipo ma land wamba mutha kusintha mmene mukufunira. Mwaona ouluka atatu, lowetsani Giant Spider, yemwe amatha kutchinga ouluka. Mwaona ma 1/1 ambiri, chotsani Pacifism mmodzi muike wotchinga. Wogonja gemu yapita ndi amene amasankha woyamba, ndipo mu draft sankhani kuyamba pafupifupi nthawi zonse.

Kampango_Salima

Zikomo kwambiri nonse, achemwali a Mpasa lamulo la kutchinga ndi awiri lija tikuseweradi mwakale, ndikawauza anzanga. Mafunso ena awiri. Masabata ena timangopezeka anayi, mwina awiri, anthu akapita ku Lilongwe kapena kumunda. Draft imatheka bwanji pamenepo? Komanso makhadi onyezimira aja akupindika, moti umatha kuwazindikira ali mu deki. Tichite nawo bwanji?

Mwera

Anthu 6 seweretsani mwa masiku onse, kungoti paketi imabwerera pa chisankho cha 7. Anthu anayi, mapaketi a 15 amazungulira kwambiri moti aliyense amaona paketi imodzi kanayi, zizindikiro zimatha ntchito. Mangani mapaketi asanu a makhadi 9 pa munthu, akwanabe 45, muzisinthasintha mbali yopatsira. Njira ina ndi kusiya mapaketi atatu omwewo koma aliyense azitola makhadi awiri nthawi imodzi. Pamenepo mitundu imatsimikizika msanga, ndiye musadikire mpaka pakati pa paketi yachiwiri.

Anthu awiri, pali Winston. Sakanizani makhadi 90 mulu umodzi chafufumimba, muike atatu pambali pake, lililonse poyambira kamulu. Woyamba ayang'ana kamulu koyamba mobisa. Akakafuna atenga konse n'kuikapo khadi latsopano lochokera pa mulu waukulu. Akakakana akabweza, awonjezerapo khadi limodzi osaliona, n'kupita pa kachiwiri, kenako kachitatu. Akakana tonse titatu atenga khadi la pamwamba pa mulu waukulu osasankha. Madeki a Winston amatuluka ofooka ndipo mitundu itatu si yachilendo, ndiye ma land opereka mitundu ingapo amakwera mtengo. Inayo ndi Grid: yalani makhadi 9 poonekera, atatu atatu. Woyamba atenga mzere umodzi, wopingasa kapena wotsika, wachiwiri atenga mzere pa otsalawo, ena onse achoka. Chitani ka 18 mukusinthana woyamba, pafunika makhadi 162. Pophunzira Grid ndi yabwino kuposa zonse, chifukwa mumaona chomwe mnzanu watenga ndipo mutha kufunsana zifukwa pomwepo.

Koma makhadi anu 400 aja muwakonze akhale cube yeniyeni, gulu la makhadi osankhidwa bwino lochitira draft mobwerezabwereza. Anthu 8 amafuna 360 ndendende. Gawani mofanana: 50 pa mtundu uliwonse mwa isanu, 40 a mitundu iwiriiwiri, anayi pa gulu lililonse mwa magulu 10, opanda mtundu 40, ndi ma land apadera 30. Mu mtundu uliwonse ma creature akhale oposa theka, ambiri a mana 2 ndi 3. Mukapanda kutero, mtundu womwe uli ndi makhadi ochuluka uzioneka wotseguka sabata iliyonse, ndipo zonse ndinanena za zizindikiro zizikunamizani. Ma land wamba sungani 40 a mtundu uliwonse.

Pomwe pakusowa khadi, sindikizani pa pepala kukula kwa 63 ndi 88 mm, mulowetse mu sleeve (kathumba ka pulasitiki kosungira khadi) kutsogolo kwa land yotsala. Pa cube ya kunyumba palibe vuto, koma pa mpikisano wovomerezeka ndi Wizards of the Coast, kampani yopanga Magic, saloledwa.

Onyezimirawo akupindika chifukwa mbali ya pepala imamwa chinyezi n'kufufuma pomwe mbali yonyezimira siisintha, ndipo kunyanja kuno nyengo ya mvula chinyezi n'chosasowa. Asungeni m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, othinana, muikemo timapaketi ta silica tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato. Osawasiya padzuwa kapena m'galimoto yotseka mu October. Lomwe lapindika moti likudziwika mu deki lichotseni mu cube, muike lina. Ma sleeve onse akhale a mtundu umodzi, osaonekera kumsana, ma land omwe, ndiye 560, ndipo gulani opitirira kuti long'ambika lizisinthidwa ndi lofanana nalo. Yalani nsalu pa tebulo. Mchenga wa ku Senga Bay ukalowa pakati pa ma sleeve umakanda misana, ndipo khadi lokandika mwapadera ndi khadi lodziwika.

Ntchila_KK

Ngati cholinga n'kudzasewera mpikisano weniweni, kaya ku Johannesburg kaya kwina, yambani pano kusewera ndi malamulo ake, kuti asadzakudzidzimutseni.

Raundi ndi mphindi 50, wopambana magemu awiri watenga. Nthawi ikatha, mumaliza turn yomwe ilipo, kenako ma turn ena asanu onse pamodzi, osati asanu aliyense. Kupambana ndi mapointi 3, kufanana ndi 1, kugonja 0, ndiye kufanana kuli pafupi ndi kugonja kuposa kupambana. Deki yochedwa imafuna manja achangu, ndipo gemu yoyamba ikaoneka kuti yapita, igonjereni msanga kuti nthawi ya awiri otsalawo ikwane. Ikani foni pa tebulo iziwerenga mphindi. Moyo lembani pa pepala, wanu ndi wa mnzanu, mukutchula mokweza ukasintha. Dayisi imagubuduka munthu akagunda tebulo.

Pa mpikisano wa mlingo wa Competitive simuloledwa kuyang'ana makhadi omwe mwatola mpaka paketi itatha, ndipo polankhula kapena kuonetsa nkhope pa draft mutha kulangidwa. Zolowerani kusunga m'mutu. Pakachitika cholakwika musakonze nokha awiri, itanani jaji. Pa gulu lanu sankhani mmodzi wodziwa malamulo kuti mawu ake akhale omaliza tsiku limenelo. Kubetcha pa zotsatira, kugula chipambano, kapena kuponya dayisi kuti mupeze wopambana nthawi ikatha, zonsezi n'zoletsedwa ndipo zitha kukuthamangitsitsani pa mpikisano. Kwathu kuno kuzipewa kumathandizanso kuti eni malo ndi makolo asamayese kuti ndi njuga.

Mukadzagwira mapaketi atsopano, dziwani kuti kuyambira 2024 ndi Play Booster, ya makhadi 14 osewera nawo. Mutola 42 m'malo mwa 45, ndipo paketi yobwerera pa chisankho cha 9 imakhala ndi 6. Mpata wosinthira mtundu mochedwa ndi wocheperako.

Poyeserera pakati pa sabata, pulogalamu ya Forge ndi yaulere, imayenda pa Android ndi pa kompyuta popanda intaneti ukangoitsitsa, ndipo mutha kuchita draft ndi makina. Webusaiti ya Draftmancer imalola kulowetsa mndandanda wa cube yanu yomwe. MTG Arena, Magic yosewera pa intaneti, iliponso pa foni koma imadya bandulo. Webusaiti ya 17Lands imasonkhanitsa zotsatira za osewera pa Arena, ndipo nambala yothandiza kwambiri ndi GIH WR, yoonetsa kuti deki imapambana kangati khadilo likafika m'manja. Muiwerenge mosamala pa zifukwa ziwiri. Omwe amatumiza zotsatira kumeneko ndi osewera bwino kuposa ambiri, ndiye muzifananiza khadi ndi khadi linzake mu set yomweyo, osati ndi 50 peresenti. Chachiwiri, pa magemu a Arena a gemu imodzi yokha, kompyuta imakusankhirani dzanja loyamba lokhala ndi ma land oyenerera, n'chifukwa chake mumaona anthu akupambana ndi ma land 16 kapena 15. Pa makhadi a pepala palibe wokusankhirani, khalani pa 17.

Cube yanu ilibe 17Lands, ndiye gulani kope. Draft ikatha aliyense ajambule deki yake pa foni itayalidwa motsata mana, ndipo mu kopemo mulembe mitundu, chiwerengero cha ma land, cha ma creature, cha a mana 2, ndi zotsatira. Pakatha ma draft 10 muli ndi madeki 80. Mtundu womwe ukupambana mopitirira muuchotsere removal imodzi kapena ziwiri, ndipo khadi lomwe palibe analiikapo mu deki lituluke mu cube, mulowe lina la mtundu womwewo ndi mana omwewo.